Nambala ya Malume

Pakanyumba kotumizira ndalama, moyang'anana ndi geti la koleji, pamakhala mtsikana wamaso akuthwa. Kwawo amamutcha Kamphepo, chifukwa kuyambira ali wamng'ono sankayenda, ankauluka. Mwana ameneyu si wamba, ayi ndithu. M'banja lonselo ndiye anali woyamba kulowa pageti limenelo, ndipo mutu wake sunali wobwereka.

Tsiku lotsegula akaunti ya ndalama zothandizira ophunzira, Kamphepo analibe foni. Anamuperekeza malume ake, okonza njinga zamoto, atavala jekete la paukwati wawo. Wakubanki atafunsa nambala yolandirira mauthenga, malume anatchula yawo.

"Ndi kanthawi chabe, mwanawe. Ukagula yako udzasintha."

Foni anagula, koma nambala sanasinthe. Ndalama zikangolowa, uthenga unkalira m'thumba la ovolosi ya malume, mwini wake asanadziwe n'komwe. Malumewo si munthu woipa, ndipo wonena zimenezo akaonane ndi agogo a mwanayu, amene anawabereka. Kungoti pakamwa pawo palibe chitseko. Akauza akazi awo, akazi awo auza azakhali, dzuwa lisanapendeke mtundu wonse wamva.

"Madamu akukoleji, mwadzuka? Mwatiiwalatu ife osaphunzirafe!"

Msuweni dzino lamutupitsa tsaya. Azakhali denga likudontha. Mng'ono wake nsapato yayasama. Zonsezo zinali zoona, palibe ankanama.

Chopweteka n'chakuti paphunziro la kasamalidwe ka ndalama Kamphepo ndiye ankatsogola. Ankadziwa kupatula ya lendi, ya chakudya, ya mayeso ndi yosunga. Anzake ankakhala pabedi pake kudzafunsa nzeru. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anatopa nazo.

"Iwe, umaphunzitsa ife, koma wekha ukumwa tiyi wopanda shuga. Kasinthe nambala ija!"

"Ndiye malume akaona foni yangoti zii, ndidzawayang'ana bwanji? Anagulitsa makina awo opopera matayala kuti ndimalize sekondale."

Atabwera patchuthi, siketi anali atayimanga ndi pini. Agogo anamugwira dzanja n'kulitembenuza.

"Kodi kumeneko mumadya mabuku?"

Iye anangoseka, n'kuthamangira kukatsuka mbale.

Chaka chachitatu, njinga inagwera malume n'kuwathyola mwendo. Uthenga wakubanki unawapeza ali pabedi la kuchipatala. Sanapemphe, anangoimba kuti, "Usadandaule za ine, mwanawe, werenga." Kamphepo anatumiza yosunga, kenako ya lendi, pomaliza ya mayeso.

Tsiku la mayeso, woyang'anira pakhomo anafuna khadi losonyeza kuti walipira. Analibe. Anaima pakhonde, cholembera chili m'manja, akumva anzake akutembenuza mapepala. Wosalemba mayeso thandizo limaima, ndipo linaimadi.

Agogo atamva, anapita kugalaja ya malume ndi ndodo yawo, osapatsa moni aliyense.

"Mwamudya mwana wanga mukuseka!"

Malume, atatsamira ndodo zawo zachipatala, misozi ili mbwee, anati, "Amayi, akanangonena kuti ayi."

"Ayi? Mawu amenewo anamuphunzitsa ndani m'banja muno?"



Lero Kamphepo amagwira ntchito pawindo la kanyumba kotumizira ndalama kaja, akusunga pang'onopang'ono kuti adzabwerere kukoleji. Tsiku limene anzake ankalandira madigiri, anabwera atavala mikanjo kudzatapa ndalama zojambulitsira zithunzi. Anawathandiza onse, akumwetulira. Mnzake wachipinda uja anamugwira zala kudzera pazitsulo za windo.

Wophunzira watsopano akabwera, chikwama chikunyezimira, Kamphepo amayamba wamufunsa.

"Mauthenga akubanki amabwera pa nambala ya ndani?"

"Ya achimwene, sisi."

"Amakukonda?"

"Kwambiri."

"Ndiye pita ukasinthe lero lomwe, achimwene akadali kukukonda, iwenso ukadali m'kalasi."

Mwanayo akamawoloka msewu kulowa pageti, Kamphepo amamuperekeza ndi maso mpaka atazimiririka.