Miphika ya Kuseri kwa Galaja

Kuchoka ku Namitambo kunali kufuna kwanga, palibe anandituma. Mwana wanga Lufeyo atapeza ntchito pa galaja ina ku Limbe, ndinamva kuti akumadya kwa azimayi a m'mbali mwa msewu. Ndinati ayi, mitima yawo sindikuidziwa, angamuthirire zomuthirira. Kamwana kake ka masiye, Esime, ndinakasiya kwa mng'ono wanga Elube, ine n'kukwera minibasi.

Ndinayamba kuphikira amakaniko onse pagalajapo. Maso anga anali pa anthu: ndani wayandikira mbale ya mwana wanga, ndani akumusekerera mopitirira. Ntchito yakeyo sindinaiyang'ane n'komwe. Ankang'amba mabatire akutha, kusungunula mtovu m'kachitini, utsi uli m'mphuno, kukamwa kuli pamtunda. Nthawi yakudya ankasamba m'manja ndi petulo. Lachisanu lililonse mwini galaja ankabwera ndi mkaka. "Imwani anyamata, umatsuka zonse m'mimbamo!" Iwo n'kumamwa, kuthokoza ndithu.

M'tauni anthu ndi ambiri koma wocheza naye palibe. Lamulungu ndinkangokhala m'kachipinda, ndikaimba kumudzi mayunitsi ankatha tili pa moni. Ndalama yotumiza inali yochepa, ndiye ndinkatumiza miphika. Kuseri kwa galaja kunali bambo wina wosungunula zitsulo zakutha za injini ndi marediyeta n'kumaumba miphika yolemera, yonyezimira. Wa Elube unali woyamba, kenako alamu anga, kenako amayi a kutchalitchi. Dzina langa linamveka kwathu.

Chaka chachitatu Lufeyo anayamba kupotokola m'mimba, kuiwalaiwala, sipanala kumangogwa yokha m'manja. Ndinakayikira anzake onse mmodzimmodzi. Kuchipatala anandiuza kuti wamulodza ndi mtovu, wadzaza m'magazi. Nditatchula za miphika ija, adokotala anasiya kulemba.

"Agogo, zitsulo zimenezo zimasakanikirana ndi mtovu womwewo. Mwana wamng'ono asadyeremonso."

Ndinapita kwa mwini galaja. Sanadzuke n'komwe pampando. "Amayi, nanga enawa sakudwala bwanji? Mwana wanuyo ndi wofooka basi." Munthu wamung'ambira mabatire zaka zitatu! Wofooka!

Tinabwerera kwathu, Lufeyo dzanja lili lende, chikwama ndasenza ine. Ndisanakhale ndi pansi pomwe ndinaona Esime pakhonde, akukokota phala la m'mphika uja ndi chala. Ndinaulanda.

"Achemwali, mphatso salanda," anatero Elube. "Ngati mwasauka m'taunimo ingonenani."

Ndinafotokoza, ndinabwereza, ndinamuonetsa dzanja la Lufeyo. Iye anati zimenezo ndi za anthu ansanje, mphika ulibe mlandu, sudooka ngati ya m'sitolo. Ndinatenga nkhwangwa n'kuuboola pansi iye akuona. Esime ndinamutenga tsiku lomwelo, akudyera mumphika wadothi kwa ine.

Miphika ina ija sindinaipeze. Masiku ano akandiona ndikutulukira panjira, amayi amathamangira nayo m'nyumba ngati mbuzi yakuba, ana ali pambuyo ndi mbale zawo. Ndinapita ku Limbe kukalondera mbale imodzi, poizoni wa mudzi wonse n'kumanga ndekha m'katoni.

Ndiye dzulo Elube yemweyo wabwera, wagwada bwinobwino, mwana wake wamwamuna ali kumbuyo atavala malaya akutchalitchi.

"Achemwali, poti a Lufeyo asiya malo pagalaja paja, simungamulankhulireko uyu kwa abwana?"