Esinati ndi Mwana wa Eni

Ndinaganiza zochoka mu Julayi, tiyi atasiya kuphuka. Nyengo imeneyi ku esiteti amachotsa otchola ambiri, ndipo chaka chimenecho dzina langa linali pomwepo. Esinati, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali atangokhoza mayeso opitira Sitandade 7, ndipo ndinalumbira kuti ameneyu sukulu amaliza, zivute zitani. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga ku Goliati, n'kukwera basi ya ku Lilongwe, kumene mayi wina ankafuna wolera mwana.

Kamwanako kanali Tadala, ka miyezi isanu ndi itatu, kolira ngati akukalipira. Ndinkagona pamphasa m'chipinda chake. Mpanda wautali, geti lokhoma, tsiku lonse osaona woti n'kumupatsa moni. Ku tiyi timatopa, inde, koma timatopa tikuseka mzere wonse. Ku Lilongweko ndinkacheza ndi khanda, m'Chilomwe momwe, poti panalibe wondiletsa. Ndisabise, ndinkasowa anthu mpaka kulira.

Malipiro ankabwera m'manja, ndalama zopindapinda, popanda pepala kapena posaina. Tsiku lina ndikusita ndinamva pawailesi za malipiro amene boma linalamula kuti wantchito wa m'nyumba asamalandire ochepera pamenepo. Anga sankafika n'komwe pamenepo. Ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Madamu, paja akuti boma linakweza malipiro?"

"Bomalo limakugulira sopo? Ukudya pano, ukugona pano. Ngati yakukwana unene, atsikana ofuna ntchito ali mbwee."

Ndinabwerera kokasita. Mpaka lero ndimadzikwiyira kuti ndinawathokoza.

Mwezi ukatha ndinkatumiza pafoni zimene ndikanatha. Ndikaimba kuti ndimve mawu a mwana wanga, achemwali ankati, "Ali bwino, wangopita kumjigo." Ulendo wina kuchigayo. Ndikamupeza, ankayankha mwachidule, sukulu ili bwino, basi. Ndinkakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Patatha zaka ziwiri Tadala anayamba sukulu ya mkaka, ntchito yanga n'kuthera pomwepo. Madamu anandipatsa ya basi ndi chitenje chimodzi.

Ndinafika ku Goliati masana. Achemwali anandilandira chikwama maso ali pansi.

"Esinati ali kuti?"

"Musakwiye, amake Esinati. Zimene munkatumiza zinkathera ufa. Sukulu anasiya chaka chatha. Ali kwa akalaliki a kufakitale ya tiyi, akulera mwana. Amamupatsako kangachepe pamwezi."

Sindinakhale pansi. Njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi ndinkakonza mawu olalatira akalalikiwo, akazi awo, achemwali, aliyense. Esinati ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya akalalikiwo akuchapa matewera, khanda lili kumsana, akuligwedeza osaleka kuchapako. Anali atatalika kundiposa. Anapukuta manja, n'kugwada kundipatsa moni ngati mlendo. Ndikanalalatira ndani? Mayi wa khandalo nayenso anali kuntchito, akusaka za ufa.

Tinakhala pakhonde. Kenako khandalo linayamba kulira, ndipo Esinati anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Amayi, inu mumazidziwa izi. Mwana akamakana phala mumatani?"

Ndinamuuza. Ndinatenga supuni n'kumuonetsa bwinobwino kagwiridwe kake, misozi ikutsika, poti zaka ziwiri za ku Lilongwe sizinandipatse china choti ndimubweretsere.