Chaka Chimene a Mafesa Anakwirira Mbewu

Achimwene anga sankabzala mapira pa mizere. Anzawo onse atayamba kukoka chingwe n'kumakumba mapando, iwo ankangokoleka thumba la mbewu paphewa n'kumafesa, dzanja uku, dzanja uko, mpaka anthu anawapatsa dzina loti a Mafesa. Ine mlongo wawo ndinkawakalipira chaka ndi chaka, chifukwa theka la mbewuyo linkathera m'mimba mwa njiwa ndi nkhanga.

"Mlongo wanga, kodi mbalame zili ndi nkhokwe?" ankandiyankha choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Alamu anga, akazi awo, atamwalira, ana n'kubalalika, zinanyanya. Achimwene anasesa kabwalo pansi pa mtengo wa kumapeto kwa munda, ndipo m'mawa uliwonse, dzinja kaya chilimwe, ankamwazapo mapira otapa m'thumba la jekete. Mbalame zinkabwera mbuu, iwo atakhala pachitsa akuziuza za kuwawa kwa msana. Ine sankandiuza zimenezo, ndipo sindibisa, nsanje inkandigwira.

Kenako mbalamezo zinayamba kuwonda. Ankatola njiwa yakufa, yopepuka ngati gaga, mawa lake ina. Munthu amene sanapiteko kuchipatala chifukwa cha thupi lake anakulunga njiwa mumpango n'kupita nayo ku ofesi ya zaulimi. Kumeneko anawatumizira mayi wina wofufuza matenda a mbalame zam'tchire.

Mayiyo anang'amba njiwazo pathebulo la pakhonde, ife tikuona. M'matumbo munali njoka zam'mimba zothithikana, zoyera ngati ulusi. Anaziika m'timabotolo, anatola zitosi pansi pa mtengo uja, anayendanso m'minda ya anthu obzala pa mizere. Atabweranso anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi achimwene.

"Bambo, mbalame za m'minda inayo zili nazo njoka, koma zochepa, poti zimadya mobalalika. Kuno mbewu imakhala pamtunda, ndiye zimaunjikana. Pomwe zikudyapo ndi pomwe zikugwetsa zitosi, ndipo mazira a njokazi amakhala m'zitosimo."

"Ndiye mukuti ndazipha ndine?"

"Simunadziwe, bambo. Koma zotsalazi kuti zikhale moyo, zisiye kusonkhana pano."

Zaka zonsezo ndinkadikira tsiku loti ndidzanene kuti ndinkanena ine. Tsikulo litafika, ndinangowamvera chisoni.

Mvula itagwa achimwene anabwera kwathu m'mamawa kudzabwereka chingwe. Ndinawatsatira kumunda. Mizere yawo inali yokhotakhota, manja osazolowera, koma phando lililonse ankalikwirira n'kupondapo ndi chidendene kuti njere isaoneke ngakhale imodzi. Kabwalo kaja anali atakatipula kale. Njiwa zinatsika mumtengo n'kumayenda pambuyo pawo, kujompha dothi, kudzutsa mitu, kujomphanso. Iwo sanacheuke. Nkhanga ina yopunduka mwendo, imene ankaikonda kwambiri, inawalondola mpaka pakhomo. Anaiponyera chibuma, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Ndinaima panja ndikuwamva akulira.

Mbalame zinabwerabe kwa kanthawi, kenako zinaleka. Mayi uja akuti zikupezako bwino, ndipo ndikukhulupirira.

Chaka chimenecho nkhokwe ya achimwene inadzaza koyamba chibadwire. Anthu odutsa ankawayamikira kuti tsopano achenjera. Ine ndimapita m'mawa uliwonse kukakhala nawo pakhonde, ndipo ndikawafunsa za msana amati uli bwino. Nthawi zina dzanja lawo limalowa lokha m'thumba la jekete, n'kutulukamo lopanda kanthu.