Mwana wa a Kamwendo Amagwira ku Ndege

Ndinaganiza zochoka m'dziko muno tsiku limene ofesi ina ya ku Ginnery Corner inandikananso ntchito. Ndinali ndi digiri ya zamakompyuta, koma zomwe ndinkachita zinali kuikira anthu nyimbo m'mafoni pa kabenchi ka mlamu wanga ku Limbe. Nditafika kunyumba ndinauza ababa kuti koleji ina ya ku Toronto yandilola. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, kenaka anati, "Malo a ku Lunzu aja tigulitsa." Ndi pomwe ankafuna kudzamanga nyumba yopumiramo ukalamba. Amayi anali atamwalira kale, ndiye panalibe wowaletsa.

Pano ndili ku Chilomoni, m'chipinda chomwe ndinakuliramo. Manja onse awiri ndimawamanga nsalu yolimbitsa mfundo, ndipo m'mawa kufinya chovala kumandikanika. Ichi ndiye chachikulu chomwe ndinabwera nacho kuchokera ku Toronto.

Ku Toronto ndinkakhala ku Etobicoke, m'chipinda chapansi pa nyumba ya Amai Zulu, nesi wa ku Chipata. Bwalo la ndege linali pafupi, moti ndege ikamatera makapu ankanjenjemera pa shelefu. Nditamaliza koleji ndinapeza ntchito ku Markham, kutsidya lina la mzinda: basi, sitima yapansi, kenaka basi ina. Nyengo yachisanu ndinkanyamuka kusanache n'kubwerera dzuwa litalowa, mlungu n'kutha osaliona.

Kampani yathu sinkapanga magemu akeake. Makampani akuluakulu ankapanga gemu ya pa konsolo, kabokosi kaja kolumikiza ku TV, n'kutipatsa ife kuti tiisamutsire pa kompyuta. Konsolo ndi yofanana m'nyumba zonse. Makompyuta ali ngati maminibasi a ku Ndirande, iliyonse ndi matenda akeake. Ine ndinali wotesta. Anthu akamva kuti umalipidwa chifukwa cha magemu amaseka mwansanje, koma sikusewera ayi. Ndinkatenga kamunthu ka mu gemu n'kukagunditsa khoma, kubwerera, kukagunditsanso, tsiku lonse, pa makompyuta osiyanasiyana, kuti ndione ngati kangalowe m'khomamo kapena ngati chithunzi chingaime. Ndikapeza cholakwika ndinkauza okonza, iwo n'kukonza, ine n'kubwereranso pa khoma lomwe lija.

Ndili ndi maganizo anga pa malonda amenewa, ndipo sindinachite kuwerenga. Tsiku lotulutsa gemu amasankha ndi anthu omwe sanaigwirepo n'komwe. Tsikulo likakwana gemu imatuluka, kaya yapsa kaya ndi yaiwisi. Mkulu wa gulu lathu, mayi wabwino mtima yemwe nayenso maso anali atalowa m'kati ndi kutopa, ankangoti, "Tidzaika chigamba ikatuluka." Telala wa ku Limbe atakugulitsa malaya a mkono umodzi n'kumati winawo udzatenge mwezi wamawa, ukhoza kumuitanira anthu. Kumeneko ndi mmene zimayendera, ndipo mtengo sachotserako. A pa kompyuta ndiwo amadya makombo, chifukwa gemu yawo imapangidwa mothamanga, ndi anthu aganyu ngati ife, ndalama ndi nthawi zitathera kale ku konsolo.

Amai Zulu sankaimvetsa ntchito yanga. Tsiku lina atandiona ndikuviika manja m'madzi ofunda anati, "Manje iwe Ulemu, nchito ya bwanji iyi? Munthu mukulu kusewera na vidoli mpaka manja kudwala?"

"Ndimatesta, amai, sindisewera."

"Ni vimozimozi," anatero, n'kundipaka mankhwala awo onunkha aja.

Kupatula iwo, ndinalibe wocheza naye kwenikweni. Anzanga a kuntchito ankasintha gemu iliyonse ikatuluka. Ukangoyamba kuzolowerana ndi munthu, kontrakiti yake yatha. Ndinali ndi kompyuta yabwino m'chipinda changa, yomwe ndinaisonkhanitsa ndekha ndi malipiro oyamba, koma inafika pongokhala poyanika masokosi. Ndinali mtsikana yemwe ankaiwala kudya chifukwa cha magemu, ndipo ntchitoyi inandilanda ngakhale chimenecho.

Kumudzi ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, za mankhwala a ababa ndi fizi ya ana a achemwali anga. Zotsala zinkathera lendi ndi basi. Malo ena ogulira ababa ndinkangowalota. Lamlungu ndinkawaimbira foni. Kamodzi ndinawafotokozera bwinobwino ntchito yanga, iwo anangoti, "Oho," n'kufunsa ngati chisanu chachepa. Koma ndege ikadutsa tili pa foni mawu awo ankasintha. "Imeneyo ndiye yaikulu," ankatero, ngati aiona.

Gemu yanga yomaliza inali yaikulu, ya nkhondo zakalekale. Pa makompyuta odula inkayenda bwino, koma pa makompyuta wamba, omwe anthu ambiri ali nawo, inkadodoma ngati galimoto yothiridwa mafuta osakaniza. Tinanena, tinanenanso. Inatuluka choncho. Osewera anatukwana pa intaneti kwa milungu, ndipo sankatukwana omwe anasankha tsiku. "Kodi otesta gemu iyi ndi akhungu?" Ndinkawerenga zimenezi m'basi popita kukapanga chigamba chawocho.

Chigamba chitatuluka anatiitanira ku msonkhano wa pa kompyuta. Anatitsekera mawu tonse, bambo wina yemwe sitinamuonepo anatithokoza kwambiri, ndipo pomwe amamaliza makiyi athu olowera m'makina a kampani anali atasiya kale kugwira. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali pafupi kutha. Amai Zulu anandipezera ntchito yosamalira gogo wina ku Oakville, m'nyumba yoyang'ana kunyanja, koma tsiku loyesa ndinalephera kumudzutsa pampando. Manja anakana. Mlungu womwewo ndinagula tikiti.

Ababa anadzandichingamira ku Chileka atavala suti. Lamlungu loyamba titatuluka m'tchalitchi, amayi amvano anandizinga. Mayi Phiri, oyandikana nafe nyumba, anakuwa, "Ndi uyu wa ku ndege uja!" Wina anafunsa ngati sindichita mantha kugwira ntchito pafupi ndi zinthu zazikulu chonchija. Ndinayang'ana ababa. Iwo ankayang'ana nsapato zawo.

Titafika kunyumba ndinawafunsa. "Ababa, anthuwa munawauza kuti ndimagwira ntchito yanji?"

"Ndinati uli ku makompyuta a ku bwalo la ndege."

"Koma ndinakuuzani ntchito yanga."

Anavula jekete pang'onopang'ono n'kuikoleka pampando. "Ukanafuna ndinene chiyani, Ulemu? Ndine mkulu wa mpingo. Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti ndinagulitsa malo kuti mwana wanga akasewere?"

Ndinalowa kuchipinda ndipo kwa masiku angapo tinkangopatsana moni. Chinkandiwawa sichinali bodzalo kwenikweni. Zaka zonsezo ndinali nditatopa ndi ntchito ina yake, ndipo kwathu kuno kunalibe ngakhale dzina loti ndiitchulire. Wa ku ndege angadandaule bwanji za khoma la mu gemu?

Tsiku lina masana ndinapita ku msika wa Nthukwa kukagula tomato. Nditagula, ndikudutsa pa kontena ina yomwe mkati mwake munkamveka phokoso la magemu, munthu anandiitana ndi dzina. Anali Dalitso, mwana wa Mayi Phiri, yemwe tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo kontenayo ndi yake: ma TV angapo, makonsolo, ndi makompyuta awiri akale kumbuyo. Anandipatsa mpando n'kutulutsa foni.

"Taona ichi," anatero.

Chinali chithunzi cha mayina omwe amayenda kumapeto kwa gemu munthu akaimaliza, mazanamazana, tizilembo ting'onoting'ono. Pakati pake wina anali atazunguliza ndi chofiira: Ulemu Kamwendo.

"Ndinajambula ndine, kalekale," anatero Dalitso. "Ndinakuwa mpaka anthu anaganiza kuti kontena yapsa. Chinayenda m'mafoni Chilomoni yonse. Amayi anga ali nacho mpaka lero."

"Amayi ako? Omwe aja amanditchula wa ku ndege?"

"Omwewo."

"Ndiye onsewa akudziwa?"

Anaseka. "Mpaka abusa. Koma a Kamwendo anagulitsa malo awo, Ulemu. Munthu wotero sumuvula chipewa pagulu. Akati ndege, ife timati ndege."

Ndinaika jumbo ya tomato pamiyendo. Dalitso anakoka mpando wake kuyandikira. "Koma pepa, ndinene chilungamo. Gemu yomaliza ija munaiwononga. Pa makina angawa imachita kukwawa. Simunaone?"

Ndinaseka mpaka misozi, kuseka kwanga koyamba chibwerereni. Ndawoloka nyanja kuthawa funso limeneli, n'kudzalipeza pa Nthukwa. Kenaka ndinamuuza zonse: za khoma, za tsiku losankhidwa ndi anthu osasewera, za msonkhano wotitsekera mawu. Ankamvetsera akupukusa mutu, nthawi zina n'kunditsutsa, chifukwa iye amakhulupirira kuti konsolo ndiye chilungamo, ukaika gemu imangoyenda. Tinakangana mpaka tomato anafunda.

Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono, kuyang'ana nyumba zomwe ndinkaganiza kuti ndimazidziwa. Ndinachoka kuno ndikuona ngati ndi malo a miseche, pomwe munthu sangabise kanthu. N'zoonadi, palibe chobisika. Koma anthu omwewa anasunga ulemu wa nkhalamba imodzi kwa zaka, aliyense atagwira mbali yake, popanda wowauza. Ku Toronto kunalibe wonama chifukwa cha ine, komanso kunalibe yemwe akanavutika kutero. Ntchito ndilibebe, manja akupwetekabe, ndipo malo a ku Lunzu pano pali nyumba ya munthu wina.

Ndinapeza ababa pakhonde ali ndi mlendo, a Mbewe, mkulu mnzawo wa mpingo. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. A Mbewe anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, mosamala, ngati akudziwa pomwe pamapweteka.

"Mwatipeza, mama. Nanga ndege mwazisiya bwanji kumeneko?"

Ababa anaumitsa khosi, maso ali kumsewu.

"Zikuuluka ndithu, bambo," ndinatero.

A Mbewe anagwedeza mutu mokhutira. Ababa anatsitsa mapewa, n'kundiuza kuti ndiwaterekere alendo madzi a tiyi.