Bambo Anafuna Kupita pa Sitima

Chaka chimene maso a bambo anayamba kuchita ng'ala ndinakawatenga ku Dambe kuti azikhala nane pa Zalewa, pomwe ndili ndi kagolosale. Pa unyamata wawo anali mmisiri womanga nyumba. Tsiku lina ali pakhonde anandiitana.

"Iwe, maso awa asanatsekeretu ndikufuna ndikaone zinthu ziwiri ku Blantyre: tchalitchi chakale cha njerwa chija, ndi nyumba yosanja imene anamanga azungu amalonda. Koma ndipite pa sitima."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Njanji imadutsadi m'boma lathu, koma sitima zake ndi za malasha basi. Kuti ukwere ya anthu uyenera kubwerera m'mbuyo mpaka ku Balaka, chonsecho minibasi za ku Blantyre zimaima pakhomo pathu penipeni. Ndinawafotokozera zonsezi. Anangoti, "Ndamva. Pa sitima."

Ndinaimbira foni achimwene anga, amene amagwira ntchito ku boma.

"Kodi ukufuna uwaphe?" anakalipa. "Munthu wothamanga magazi ukamuimike padzuwa la ku Balaka? Chikachitika chinthu usandiimbire ine."

Anadula foni. Ndinakhala kaye pathumba la shuga.

Tsiku loyenda sitima nalo linali mutu. Wina ankati Lachinayi, wina ankati inaleka kalekale. Mayi wina wogulitsa tomato, amene amaikwera kawirikawiri, ndiye anandiuza tsiku lenileni, nkuwonjezera kuti, "Tsiku ndakuuzani, koma nthawi musandifunse."

Nditaliganizira tsikulo ndinaona vuto lina. M'mawa mwake madokotala a maso ankabwera ku chipatala cha Lisungwi, ndipo bambo anali atauzidwa kuti asaphonye. Anthu amenewa amabwera mwa apo ndi apo. Tinayenera kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Ndinawapempha bambo kuti tidikire sitima ya sabata ina.

"Nanga akakandiboola maso nkulephera?" anandifunsa.

Tsikulo litakwana tinanyamuka kusanache.

Tinafika pa siteshoni ya Balaka dzuwa likutuluka. Linakwera, linafika pamutu, njanji ili zii. Bambo anayamba kutuluka thukuta, kenako anati akumva chizungulire. Ndinawamwetsa mankhwala awo, nkumawakupiza ndi chitenje. Foni inali m'manja, koma ndikanaimbira ndani?

"Bambo, tiyeni tibwerere."

"Bwerera wekha."

Sitima itatulukira anthu anathamangira pakhomo ndi matumba a makala, nkhuku ndi madengu. Ndinawakokera bambo mkati ngati mwana. Mayi wina anawapatsa malo pawindo. Njira yonse ine ndinkangoyang'ana mmene akupumira, iwo nkumandifunsa dzina la paliponse pamene taima.

Tinatsika ku Blantyre dzuwa litapendeka kwambiri. Ndinawauza kuti malo awiri sizitheka, asankhe amodzi. Anasankha tchalitchi.

Titafika anakweza nkhope, koma nsanja zake sanazione bwino. Anandipatsa ndodo yawo nkuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma, akupapasa njerwa ndi manja onse awiri. Pena ankaima nkulowetsa chala pakati pa njerwa. Ine mtima unali pa minibasi.

"Bambo, kukuda."

"Taima kaye."

Anazungulira mpaka kubwerera pamene anayambira, ndipo pokhapo anavomera kuti tizipita.

Pa Zalewa tinapeza achimwene ataima pafupi ndi golosale, atabwera kuchokera ku boma osandiuza. Sanandipatse moni. Anawagwira bambo pamkono nkuwalowetsa m'nyumba, ndipo m'mawa anawaperekeza okha ku Lisungwi.

Diso lakumanja linatseguka, lakumanzere linakanika. Achimwene anadzandilankhulanso nthawi yokolola, atabwera kudzabwereka matumba.