Zimene zinagwa pa mfundo ya Rudo

Tinanyamuka pa komboni ku Matepatepa mame asanakamuke, ine ndi mpongozi wanga Rudo, mkazi wa mwana wanga amene amakumba golide ku Mazowe. Mimba yake inali ya miyezi isanu ndi umodzi. Yoyamba ija inapita padera ndi malungo, choncho ndinati ku sikelo ya ku Bindura ulendo uno ndimuperekeza ndekha. Mvula inali itayamba, udzudzu uli mbwee, ndipo mtima wanga sunali m'malo.

Thirakitala ya pa famu inatinyamula mpaka kumsewu waukulu. Kugwedeza kwakeko, mayo ine! Ndinakuwira dalaivala kuti, "Bambo inu, mwanyamula anthu atatu, si mabelo a fodya!" Iye anangoseka n'kuwonjezera moto.

Kombi inafika cha m'ma eyiti, yodzaza kale, koma kondakitala anatipanikiza momwemo. Anati madola awiri munthu. Rudo anamasula mfundo ya chitenje chake kuti atulutse ndalama, ndipo mapiritsi oyera anagwera pamiyendo panga. Anali asanu ndi limodzi, okukutika m'mbali.

Mayi wina wogulitsa matimati, amene dengu lake linkandibaya m'nthiti, anasuzumira. "Fansida uyu, woteteza apakati ku malungo," anatero. "Paja amamwetsa pamaso pa nesi, atatu ulendo uliwonse. Nanga iwe watuluka naye bwanji?"

Rudo anazolika. Chichewa amamva bwino, koma poyankha amathawira ku Chishona. "Ndimabisa kutsaya, Amai. Anovava." Ndiye kuti amawawa.

"Akawawa ndiye kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Si inu munati wapakati asamwe zowawa, zimachotsa mimba? Ndimasunga kuti ndidzamwe ndikachira."

Ndinanenadi mawuwo, tsiku limene munthu wogulitsa mizu ya m'mabotolo anafika pa komboni. Ine ndinkanena mizuyo basi. Koma mwana wa eni ake, ndi ulemu wakewo, sanafunse. Miyezi iwiri yathunthu wakhala wopanda chomuteteza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha.

Kuchokera pamenepo kombi inayamba kundinyansa. Kuima ponseponse, uyu atsike ndi nkhuku, uyo akwere ndi thumba la chimanga. Ine dzanja pachipumi cha Rudo, kumva ngati thupi latentha. Katatu konse, mpaka iye anati, "Amai, ndi dzuwa." Ndinkangofuna kutsika ndithamange wapansi.

Milu ya dothi la m'migodi itaonekera, ndinadziwa kuti Bindura ndi uyu. Pa renki, potsikira makombi, mayi wa matimati uja anandikoka mkono. "Mugulireni kanthu kaye. Ena amakana mapiritsiwa chifukwa amawazunguza mutu akamwa ndi njala." Ndinagula mabanzi awiri ndi botolo la mahewu, Rudo n'kudya tikuyenda.

Ku chipatala mzere unali wautali, apakati okhaokha pa benchi. Ine sindinakhale pansi. Dzina lake litaitanidwa cha m'ma leveni, ndinalowa naye osaitanidwa, n'kuyala mapiritsi aja patebulo.

"Sisita, musamukalipire. Wolakwa ndine."

Nesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Gogo, ife timalankhula kamodzi pamwezi. Inu mumalankhula tsiku ndi tsiku. Akamva ndani?"

Anamuyeza magazi a pachala, ine ndikuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Malungo sanapezeke. Kenaka anatulutsa atatu atsopano, koma kapu ya madzi anapatsa ine. Ndinagwada pamaso pa mpongozi wanga, chinthu chimene kwathu sichichitika.

"Imwa, mwanawe. Zowawa izi ndi zabwino. Ndanena ndine."

Anameza, n'kutsegula yekha kukamwa kuti ndione. Munalibe kanthu.

Pobwerera kombi inkaimabe ponseponse, Rudo ali m'tulo paphewa panga. Ndinaphunzira kuti mawu a apongozi sagwa pansi, choncho n'kofunika kuwamaliza. Asanu ndi limodzi aja nesi anati nditaye. Sindinataye. Ali pa mfundo ya chitenje changa, chifukwa ndi anga.