Nkhata Imene Mwandida Ananyamula

Ndinadzuka kusanache, msana utauma ndi simenti. M'nyumba ya siwa amayi anali atagona mothithikana, ena mabuku a nyimbo akadali pachifuwa. Pakati pathu panali bokosi la mng'ono wanga Elube, lokutidwa ndi mbendera, ndipo pakhomo panaima msilikali amene sanakhaleko pansi chiyambire dzulo lake. Elube anali namwino wa asilikali. Anamwalira kudziko lakutali kumene asilikali athu amakasungitsa mtendere, ndi matenda amene anatengera kwa odwala ake. Bokosi linabwera lokhomerera, ndipo anatiuza kuti sitiona nkhope. Munthu amene ankabwera patchuthi akuseka mpaka nkhuku kubalalika, lero ndimulire m'bokosi lotseka? Misozi inkabwera, koma mtima unkakana.

Kunja kunali chiperoni. Phiri silinkaoneka n'komwe, ndipo kamvula kowaza kaja kankalowa mpaka m'mafupa. Azibambo amene anachezera pamoto anali atafunda matumba a feteleza kumutu. Kuseri amayi ankalimbana ndi nkhuni za bulugamu zonyowa, utsi ukukana kukwera, ukungokwawa pansi kulowera m'munda wa nandolo. Adzukulu anatumiza uthenga woti manda akutuluka madzi, tiwapatse ndowa. Mayi wina atamva anangoti "Hii," n'kuyang'ana kumbali.

Mwana wanga Mwandida ndinamupeza kukhitchini akusita diresi yake yoyera. Anali atangomaliza sukulu ya unamwino, ndipo nkhani yoti alowe mbali iti ya ntchitoyi inali itatiyambanitsa kwa miyezi. Ine ndinkafuna uzamba, pachipatala chaching'ono chakufupi ndi Thuchila, poti ndikadwala ndizingotuma wakabaza akamutenge. Iye lero atchule fiyeta, kochitira opareshoni, mawa wodi ya ana. Kamodzi kokha, mayi ake aang'ono akadali moyo, anatchula usilikali. Ndinamuuza kuti mbumba imodzi sipereka ana awiri kumfuti, ndipo kuti akadzatchulanso adzaone kolowera. Sanabwerezenso, ine n'kumati nkhani yatha.

"Wofedwa savala zoyera," ndinatero. "Ukhala nafe pamphasa."

"Anamwino onse avala, amayi. Ndi mwambo wathu."

Mawu akuti "wathu" aja anandibaya, koma pamaliro sipokanganirana.

Kutacha anthu anayamba kufika. Achibale a ku Milange anaoloka pa Muloza ndi makabaza, atanyowa thupi lonse, akulira m'Chilomwe kuyambira kumsewu. Anzanga amene ndinkathyola nawo tiyi anabwera atasenza nkhuni. Kenako inafika basi ya anamwino, oyera okhaokha, nsapato zikumira m'matope ofiira. Pomaliza anatulukira magalimoto a asilikali, atayatsa nyale masana. Ana anathawira m'nthochi, ndipo agalu amene ankauwa aliyense anangoti zii.

Pakati pa anamwinowo panali mzamba wachikulire amene anandithandiza pobadwa Mwandida. Atalowa kudzandipepesa ndinamugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti andilankhulireko mwanayo, poti iye amumvera. Anavomera ndi mutu.

Anamwinowo anakaima pakhonde, kuseri kwa zenera limene ndinatsamira, choncho ndinamva zonse. Mwandida ndiye anayambitsa, akufunsa mmodzimmodzi ngati munthu wogula mbuzi. Mzamba uja anati uzamba ndi wokoma, ana amene unawalandira amakupatsa moni pamsika ali ndi ndevu, koma mayi akakufera m'manja usiku magetsi atazima, mudzi wonse umadziwa dzina lako. Ine m'katimo ndinaluma mano: zachiwirizo anazitchuliranji? Bambo wina wa ku fiyeta anati kwawo odwala satukwana chifukwa amakhala ali mtulo, koma miyendo imatupa ndi kuima, ndipo ukaiwala kansalu kamodzi m'mimba mwa munthu ntchito yathera pomwepo. Wa kuwodi ya ana anati iye anasiya kalekale kufunsa mayina a ana odwala kwambiri. Palibe amene anaseka.

Ndiye ndinamva mawu a mwana wanga atatsika.

"Nanga kwa inu, bwana?"

Ndinasuzumira. Ankafunsa mayi wamtali wa nyota zaudindo paphewa, mkulu wa anamwino a asilikali amene anaperekeza maliro.

"Kwathu umakhala msilikali kaye, unamwino pambuyo," anatero mayiyo. "Akati nyamuka, sufunsa kuti kuti. Mayi ako aang'ono ndinkagona nawo tenti imodzi. Sindikuitana, komanso sindikuletsa."

"Ankaopa?"

"Ankaopa kwambiri. Koma m'mawa uliwonse ankalowabe muwodimo."

Ndinadikira mzamba wanga kuti aponyepo mawu. Iye anangopukuta magalasi ndi nsonga ya juzi. Ndinamukwiyira koopsa. Munthu ndamutuma kukazimitsa moto, iye akukaotha!

Pofika masana kunja kunali mdima ngati madzulo. Abusa anafupikitsa ulaliki chifukwa tenti inayamba kudontha pa Baibulo. Anamwino ndiwo anatulutsa bokosi m'nyumba, atandanda mizere iwiri kuchokera pakhomo, ndipo Mwandida anali kumapeto kwa mzere wina, wamng'ono kuposa onse. Pamsewu analandira asilikali. Ankayenda pang'onopang'ono, kukweza mwendo n'kuutsitsa onse pamodzi, moti kwaya inasokonezeka n'kusiya nyimbo panjira. Tinadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi tikungomva nsapato zawo m'matope. Nkhungu inatsika mpaka amene anali kutsogolo sitinkawaona, bokosi likungolowa m'choyeracho ngati likupita lokha.

Kumanda tinapeza adzukulu akukapabe madzi. Anayala masamba a nthochi pansi, bokosi n'kutsika. Mfuti zitalira, makanda anakuwa kumbuyo kwa amayi awo, akhwangwala anabalalika m'mitengo, ndipo phiri limene sitinkaliona linabweza phokoso lonselo.

Atakwirira inafika nthawi ya nkhata. Kwathu kuno nkhata munthu amaika ndi ake: wapabanja ndi apabanja, wampingo ndi ampingo, wantchito ndi antchito anzake. Woyendetsa mwambo anaitana abale. Ndinatembenuka kumufuna Mwandida kuti tigwirizane nkhata yathu, koma sanasunthe pamzere wake. Ndinati chabwino, aika ndi anamwino anzake, ndipo ndinapita ndi mlongo wanga wamkulu, mwinimbumba wathu. Anaitana ampingo. Anaitana anamwino a zipatala za m'boma lino, mzamba uja n'kutuluka ndi atsikana awiri. Mwandida anangoima, maso ali pansi, mvula ikutsika m'khosi mwake.

"Anamwino a asilikali."

Mayi wamtali uja anatuluka ndi nkhata yaikulu. Atayenda pang'ono anaima, n'kutembenukira kumzere woyera. Anangotambasula manja. Mwana wanga anatuluka pakati pa anzake, analandira nkhatayo ndi manja awiri, ndipo anayenda limodzi mpaka pamtumbira. Mayiyo anamenya sawatcha yausilikali. Mwandida anagwada n'kuiika kumutu.

Panalibe amene anafunika kumumasulira. Mlongo wanga anandiyang'ana ngati akufunsa kuti ndinkadziwa. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'ona kuti, "Walowa m'malo." Ndinagwa m'matope, ndipo kulira kumene kunkakana m'mawa kunabwera konse. Amayi amene anandigwira ankati, "Msiyeni alire mng'ono wake." Sankadziwa kuti ndikulira wamoyo.

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha kuzizira. Magalimoto anapita, tenti anaiphwasula, pabwalo panangotsala mafuwa ndi phulusa lonyowa. A ku Milange anakagona kwa mlongo wanga. M'nyumba munatsala fungo la makandulo, ndipo pamene panali bokosi panaoneka potakasuka moti aliyense ankapalambalala.

Mwandida analowa atavula zoyera zija, atavala chitenje, n'kugwada pafupi ndi mphasa yanga.

"Asilikali ananditenga kale, amayi. Mayi aang'ono asanadwale. Ndimaopa kukuuzani."

"Ndiye unasankha kundiuzira kumanda, pamaso pa mudzi wonse?"

"Sindimadziwa kuti andipatsa nkhata ija. Koma atandipatsa, sindikanabweza."

"Unyamuka liti?"

"Loweruka."

Ndinanena zonse zimene mayi anganene. Ndinati ndatsala ndi iye yekha. Ndinati odwala ali ponseponse, ngakhale pa Thuchila pomwepa akufa posowa wowabaya jakisoni. Ndinati dothi la pamanda a Elube silinaume. Ndinamutchula wosamva, wouma mutu ngati mayi ake aang'ono, ndipo ndinaona kuti mawu amenewa sanamupweteke mpang'ono pomwe. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Mawa pometa maliro, ine mundimete mpala," anatero. "Kumaphunziro akatimetabe tonse. Ndikufuna likhale dzanja lanu, amayi, osati la munthu wosandidziwa."

Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga, monga ankachitira ali kamtsikana ndikamamukonzekeretsa za kusukulu, n'kundipatsa chipeso. Tsitsi lake linali lolukidwa timizere ting'onoting'ono, ndipo lumo silikanadutsa tisanamasule.

Sindinavomere, komanso sindinakanenso. Padenga chiperoni chinkangowaza. Ndinagwira kamzere koyamba, kakuseri kwa khutu, ndipo ndinayamba kumasula pang'onopang'ono kuti tisathe msanga.